Esinati wawotcha mapesi anga

Amayi, kaya muli bwanji kumene munagonako? Ine kuno ku Kaduya sindili bwino, ndipo kalata ino si yokoma.

Mwana wanu wapamtima Esinati anabereka wamkazi mu Epulo, anamutcha dzina lanu. Chimanga wadzaza nkhokwe, nanga si munda wa kudambo munamupatsa iye. Ine munandisiyira wa kumtunda uja, umene munkautentha chaka ndi chaka mpaka nthaka inatha mphamvu. Ngakhale nandolo amamera monyinyirika. Amalume anena kale kuti ndikapanda kukolola chaka chino, mundawo aupereka kwa Esinati. Akuti ndine waulesi.

Ndiye alangizi anatiphunzitsa njira yobwezera chonde m'nthaka. Phesi limachedwa kuwola chifukwa ndi lolimba ngati nkhuni. Timaliduladula, kulinyika m'madzi otentha, kusakaniza ndi mbewu ya bowa, n'kuika m'majumbo pamthunzi. Bowayo amayala timizu toyera timene timadya kulimba konseko. Ukathyola ndiwo, chotsalacho chimangofumbutuka m'manja, manyowa enieni. Mbewuyo ndinachita kupalasira njinga mpaka ku Chiringa, ndipo majumbo onse anali atayera bwinobwino.

Lachiwiri ndili kumaliro, Esinati analowa m'shedi mwanga. Ataona kuyerako anati ndi chuku. Anakokera zonse panja, anaunjikapo udzu wouma, n'kuyatsa. Nditamufunsa anandiyankha ndi mawu anu omwe aja, akuti chogwira chuku mankhwala ake ndi moto. Ankamwetulira ngati wandithandiza. Kaya sanadziwe, kaya anadziwa bwino lomwe, mwana wanuyo mumamudziwa ndinu.

Ndakwiya nanu, amayi. Munapita, koma pakamwa panu munasiya kuno. Muli moyo chilichonse chimene ndagwira ine chinali chowola, ndipo lero muli m'manda mukundiphikitsabe madzi.

Mvula yatsala miyezi iwiri ndipo ndilibe phesi ngakhale limodzi. Mawa ndikalowa m'munda wa kudambo ndi chikwanje, dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona, ndikadule mapesi a Esinati. Akabwera kudzakudandaulirani, mumutonthoze monga munkachitira.

Kukukondani ndimakukondani, sindinapeze njira yosiyira. Koma ndikulonjeza kuti munda wa kumtundawo, ndi kuuma kwake komweko, wodzaulima ndi mwana wanga.

Ine mwana wanu amene simunamusankhe,
Fanesi