Tablet yasankha amayi

Supa, 10:41
14 muli pati? map ikuonetsa mwaima nyumba imodzi 50 mins. survey yake ndi ya 25 mins

Namba 14, 10:44
geti lobiriwira lija madam. ndalowetsa mu tablet maina a akuluakulu onse a pakhomo, tablet yasankha amayi kuti ndiwo ndiwafunse. koma bambo akuti mkazi wawo sayankha za chuma ndi ndale, ayankha iwo

Supa, 10:45
ndiye afunseni bambowo mulembe female. quota ya akazi yatsala 1 basi

Namba 14, 10:46
female wa ndevu madam?

Supa, 10:46
musandiseketse plz. olo inu simungakhale woyamba kutero

Namba 14, 10:58
[voice note 0:34] madam ndikunong'ona, ndili kuseri kwa geti. ndinayesa funso loyamba kwa amayi, lija loti zinthu m'dziko zikupita kabwino kapena koipa. asanatsegule n'komwe pakamwa bambo ndi awo, zonse zili bwino, lembani. amayi ali pa beseni kumbuyo kwawo, angoseka osatulutsa mawu, n'kupitiriza kufinya malaya. zandipweteka mumtima ine

Supa, 11:02
si za mtima izi. client akufuna data 5pm. galimoto inyamuka 2 koloko ndendende

Namba 14, 11:03
amene amapita ku msika ndi amayiwo. wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko

Supa, 11:03
miyambi mukaponye kwanu

Namba 14, 11:20
amayi aja andipeza pamsewu ngati akukataya madzi. akuti bambo amatuluka 2 koloko kupita ku shift, ndibwere 2:15

Supa, 11:21
galimoto ndati 2

Namba 14, 11:21
ndamva

Supa, 11:22
ndiye?

Supa, 11:40
14

Supa, 12:15
[missed call]

Supa, 12:17
tamverani. phase 2 ndi miyezi itatu, list ndikupereka lero. ndinakuikani ndine chfkw ndikudziwa muli ndi ana awiri pa sukulu. musandipangitse kufufuta dzina lanu

Namba 14, 12:31
zkm pondikumbukira madam, ndipo ntchitoyo ndikuifuna zedi, sindibisa. koma pa training munaima kutsogolo inuyo kutiuza kuti munthu mmodzi akuimira anthu masauzande. ndiye azimayi masauzandewo awayankhire bambo ajawa?

Supa, 12:33
ija inali training. iyi ndi field

Namba 14, 12:34
kkkk ayi ndithu. kalembeni nokha female yo, dzanja langa lakana

Supa, 1:52
tili pa filling station. 8 mins

Supa, 2:01
iwe 14

Supa, 2:06
tanyamuka. uona wekha pobwera. tablet ndiipeze pa desk mawa 8am, phase 2 uiwale

Namba 14, 2:19
bambo atuluka. ndalowa

Namba 14, 3:10
[voice note 0:47] madam mukanawamva. pa funso la chuma anayamba atseka chitseko kaye. akuti chaipa, ndipo chaka chamawa chidzaipiratu. lija la amene angamuvotere ayankha motsitsa mawu, si yemwe bambo anapachika chithunzi chake pabalaza. lija la vuto lalikulu m'dziko akuti mankhwala m'zipatala, mayi awo anamwalira ali pamzere. akuti zaka 19 ali pabanja palibe anawafunsapo kuti inu mukuganiza bwanji

Namba 14, 3:12
sync yatheka. form 0316, female, 44

Namba 14, 3:13
mukafuna kuifufuta mufufute ndinu. ya ku head office yapita kale

Supa, 3:30
wamaliza ndiye tuluka pakhomo pa anthu. basi yomaliza ndi 4

Namba 14, 3:34
ndawauza kuti mafunso atha. akuti mafunso anu ndiwo atha, ine sindinamalize

Namba 14, 3:34
ndakhalanso pansi madam