Kanema Wopanda Mpira

Lolemba, 14 Okutobala

Kochi wa volebo wa koleji ya ku Iowa uja wayankha! Mayi Ostrander. Akuti malo a maphunziro aulere atsala amodzi, atsikana amene akuwaganizira ndi atatu, Tegan wathu ali pomwepo. Akufuna kanema wa masewero athunthu lisanafike Lamulungu.

A Lonnie, amuna angawa, kudziguguda pachifuwa. Zaka zitatu akujambula mwana wawo pa foni, sanajombepo. Chimanga chikudikira kukololedwa kumunda, iwo ali pa kompyuta kusankha kanema. Ine mtima uli m'mwamba. Malowa akatiphonya, za koleji tiiwale.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Tinati tionere kaye tisanatumize. Mayo ine. Tegan akudumpha. Tegan akumanga tsitsi. Tegan akumwa madzi pa benchi. Mpira ukungodutsa ngati ntchentche, osadziwika kochokera ngakhale kogwera. Ukonde suoneka, anzake ndi zigongono chabe. Makanema onse chimodzimodzi, zaka zitatu zathunthu.

Tegan anafunsa mwaulemu ngati adadi ake akudziwa kuti m'bwalo mumakhala anthu khumi ndi awiri. A Lonnie akuti, "Enawo ali ndi makolo awo."

Ndinaseka mpaka misozi. Mwana sanaseke, analowa kuchipinda osadya. Pamenepo mpamene ndinachita mantha.

Lachitatu, 16 Okutobala

Ndakumana ndi mayi mnzanga Rhonda Pospisil kogula zakudya. Akuti iwo analemba katswiri wa ku Omaha, makanema a mwana wake ali ndi nyimbo ndi kamuvi kolozera. Mwanayo ndi wa zaka 13! Ife nthawi yathu tinkasewera pothawa kukama ng'ombe.

Masewero otsiriza ndi mawa. Mwayi ndi womwewo basi.

Lachinayi, 17 Okutobala

Ku masewero ndinawalanda foni a Lonnie. Ndinaimangirira pa chitsulo kumwamba kwa mipando, ione bwalo lonse. Bambowo manja anasowa chochita, mpaka ndinawagulira nyemba za tsabola ndi banzi lotsekemera kuti atanganidwe.

Chigawo chachiwiri anandigwira mkono. "Darlene, kodi mpirawu umathamanga chonchi nthawi zonse? Nanga wa nambala 9 uyo ndi mwana wa ndani? Amatha ameneyo."

Ndi Maisie. Mnzake wa Tegan amene wakhala akutha mkate kwathu kuyambira ali ku sukulu ya mkaka.

Tagonja, koma Tegan wamenya mpira mosaumira. Ulendo uno ngakhale a Lonnie aona pamene unkagwera.

Lachisanu, 18 Okutobala

Tatumiza. M'kanemamo Tegan ndi kadontho chabe. A Lonnie akuti angakhale mwana wa aliyense. Apita kumunda osamwa khofi.

Lamulungu, 20 Okutobala

Zii. Kuseka kwanga kuja kukundiluma.

Lolemba, 21 Okutobala

Mayi Ostrander aimba masana. Sanalonjeze kanthu, koma akufuna Tegan Loweruka akasewere ndi timu yawo, amuone ndi maso. Atsikana atsala awiri. Ndinangokhala pansi.

Pa chakudya chamadzulo a Lonnie analengeza kuti ntchito yojambula apuma, ndipo zojambula zakale zija azifufuta, zikungodzaza foni. Tegan anaika foloko pansi. Anati dzulo anaonera zonse yekha, ngakhale ya tsiku lija anabinya phazi, pamene foni ikunjenjemera mpaka kugwa.

"Musafufute, Adadi. Ndikapita ku Iowa ndidzazitenga. Ndipo Loweruka mukajambule inuyo, mmene mumajambulira muja. Owonera bwalo lonse ali nawo ambiri kumeneko."

A Lonnie anangoti mchere uli kuti, mcherewo uli m'manja mwawo. Pano foni ili pa chaja. Loweruka likadali kutali, koma andiuza kale kuti ndisaikhudze.