Botolo la madzi a ku Senga Bay

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kepitauniko. Kuno ku Kawale tilipo, kungoti miyendo ya Amayi ikuvutabe.

Loweruka tinapita ku Senga Bay ndi azimayi a kumpingo. Anzathu akusewera pamchenga, Amayi anatulutsa chithunzi chanu chija munajambulitsa kunyanja yamchere ya ku Kepitauniko, n'kundifunsa kuti, "Esinati, madzi aimapo mwana wangawa ndi omwewa?"

Ndinalephera kuwakanira. Ndinangoti, "Eya, ndi omwewo."

Anavula nsapato, n'kulowa mpaka m'maondo, n'kusukusula. Pobwerera anatungako m'botolo. Lili pawindo, ndipo m'mawa uliwonse amalipatsa moni potchula dzina lanu.

Mulungu akusungeni. Koma chonde bwerani pa Khirisimasi, ngakhale chimanjamanja. Botolotu siliyankha.

Ndine mlongo wanu,
Esinati