Wotembenuza Mapepala ku Itawa

Chamboli, Kitwe

Okondedwa achimwene a Shadreck,

Landirani moni wochokera kuno ku migodi. Muli bwanji ku Katete, inu ndi alamu anga? Bondo lija linasiya kutupa? Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Mukuzikumbukira nyimbo zija amuna anga a Pius anandipekera tili pachibwenzi? Zija zotsatizana, zoti ine ndiziimba iwo akuliza piyano, zoyambira tsiku limene tinaonana ku kwaya mpaka pa lonjezo lokalamba limodzi. Inu ankhoswe munazimva pa ukwati wathu, mpaka munapukuta misozi ndi tayi.

Zaka zonsezi, mawu anga akamatsika ndi kukula, iwo ankazitsitsa kiyi kuti ndizifikira. Ankati nyimbo imatsata mwini wake. Ine chitsiru ndinkakhulupirira.

Mwezi watha anaitanidwa kukaziimba pa konsati ku Itawa, ku Ndola. Ine mpaka kuchapa diresi yanga yabuluu ija. Kenaka ndili kukhitchini ndinamva akuzikweza zonse, kubwerera kumwamba kumene ndinkafika ndili mtsikana. Woimba wake anali Treasure, kamtsikana ka m'kwaya kamene ndinakaphunzitsa ndekha kapumidwe ka poimba.

Nditafunsa, anati anthu a ku Ndola amadziwa nyimbo, sangapirire mawu osasa. Osasa, ine! Anawonjezera kuti ndisadandaule, ntchito yanga ilipo: kukhala pambali pawo n'kumawatembenuzira mapepala a manotsi a nyimbozo.

Ndinapita, achimwene, ndinakhala pakampando pambali pa piyano. Treasure anaimba za mpata wa m'mano mwanga, iye mano ake ali thithithi ngati chimanga. A Pius ankamuyang'ana nthawi zonse mtsikanayo akamapuma, monga ankachitira ndi ine. Sindikunena kuti pali chibwenzi. Bola chikanakhalapo, ndikanadziwa womukalipira.

Pa nyimbo yomaliza, ya ukalamba ija, a Pius anagwedeza mutu kuti nditembenuze pepala. Ndinapinda manja. Ndinkafuna asokonezeke, andiyang'ane ngakhale mokwiya. Awe! Anapitiriza pamtima, osaphonya ngakhale pamodzi, osacheuka. Anthu anaimirira kuwomba m'manja. M'minibasi pobwerera sanaitchule n'komwe nkhaniyo, ankangoyamikira mawu a mwana uja.

Ndiye kuti ngakhale mapepalawo sankafuna owatembenuzira. Anangondipezera pokhala kuti anthu asafunse kuti akazi anu ali kuti.

Chonde bwerani mvula isanagwe. Musavutike kukonza mawu otiyanjanitsa, chifukwa palibe amene wamenya mnzake. Munandipereka ndinu, mudzanditenge ndinu. Munda wa malemu amayi ndidzalima ine, khasu silifunsa ngati mawu ali osasa.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana anu Chipo ndi Kingsford. Mulungu akusungeni panjira. Chipo akadzapeza womupekera nyimbo, mudzamuuze azimvetsera, koma asadzaziyese zake.

Ndine mlongo wanu,
Emelda