Chipsera Chimene Ndidamata Matope

Lifuwu, Salima
14 Ogasiti 1990

Wokondedwa mwana wanga Enock,

Uli bwanji kumeneko ku Bulawayo, pamodzi ndi apongozi anga ndi ana? Ife kuno tilipo, mawondo okha ndiwo akukana. Akulemba ndi mlongo wako Eveles, ndipo ndamuuza asadumphe mawu ngakhale amodzi.

Ukudziwa kuti chaka chilichonse ndimatema chipsera pa mkuyu wa kudambo uja, pamalo pamene madzi a nyanja alekezera. Mwezi wathawu atcheyamani a chipani adandibweretsera anthu oyeza madzi. Mkulu wawo, a Mayeso, adayeza zipsera zonse, nkumafunsa chaka cha chilichonse.

Koma chipsera chapamwamba kwambiri, cha chaka chimene tidaika amayi ako, sadachione. Ndidachimata matope iwo asadafike, nkuwalozera china chammunsi.

Lachitatu adanditengera ku ofesi yawo. Kuli bokosi la galasi, amati kompyuta. Adalowetsamo kambale kakuda, kopyapyala ngati tsamba, nkunena kuti mmenemo muli manambala a mvula ya zaka makumi atatu, pamodzi ndi zipsera zanga.

Mwana wanga, galasi lija litayaka ndidaona dziko lathu monga imalionera nkhwazi: gombe, minda ya mpunga, njira ya kutchalitchi. Akadina ndi chala, chaka chimadutsa. Nyanja imakwera nkubwerera, kukwera nkubwerera, ngati chifuwa cha munthu wogona. Ndidangozindikira chipewa chili kale m'manja.

Pa chaka chija adaimitsa. Adati makina ndi mtengo wanga zikumvana zaka zonse, koma apa pokha makina akuumirira kuti madzi adakwera mkono wathunthu kuposa pamene ndidaloza. Adati mwina makinawo ndiwo alakwa, ayambirenso ntchito yonse. Kenaka adanditembenukira: “Agogo, tikhulupirire mtengo wanu?”

Chinthu chosaponda m'dambo chidakumbukira madzi amene ine ndidawabisa. Ndidaulula. Ndinkati andimanga ponamiza anthu a boma, koma a Mayeso adangondigwira chanza, nkukonza nambala imodzi.

Atatero adandionetsa zimene sizidachitike: mvula yaikulu ikadzagwa zaka ziwiri zotsatizana. Madzi adayenda mwakachetechete pa galasipo, kudutsa mkuyu, mpaka kumiza malo aja udalemba kuti udzamangapo nyumba ya njerwa ukadzabwerera.

Nchifukwa chake ndidamata matope. Chaka chija iwe kunalibe, sudaone madzi atafika pamenepo. Ndinkaopa kuti akalengeza kuti malowo ngoipa, sudzabweranso.

Undikhululukire. Usadzamange pamenepo. Amalume ako ku Maganga ali ndi malo okwera, ndipo avomera. Nkutali ndi ine, koma adzukulu anga adzagona pouma. Ubwere ndithu.

Matope aja ndakachotsa dzulo ndi manja angawa.

Undiperekere moni kwa apongozi ndi ana onse. Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine bambo wako,
Fanuel