Firiji ya alamu yayamba kundiwotcha

Aphungu,

Ndiyambe ndi kunena kuti ine si munthu wodandaula. Banja langa ndi la mtendere, ana awiri ali pa sukulu, ndipo ntchito yanga ndimaikonda. Ndimayang'anira chipinda chozizira pa kampani ina yaikulu yogawa mankhwala m'zipatala ndi m'mafamase. Katemera ndi mankhwala a shuga zimagona m'manja mwanga. Chaka chonse ndimakhala mu jekete, ngakhale kunja anthu akudzikupiza ndi makatoni, moti anzanga anandipatsa dzina loti Mayi Chisanu. Zaka khumi ndi ziwiri tsopano, palibe bokosi limene linaonongeka ine ndili pa ntchito.

Nkhani yanga ndi ya alamu anga, akulu awo a bambo a kunyumba. Anapuma pa ntchito ya uphunzitsi ndipo masiku ano amagula ndi kugulitsa masheya. Sayenda opanda nyuzipepala m'khwapa. Ndi munthu wabwino, ndiwo analera amuna anga makolo atamwalira. Lamulungu lililonse amadzadya nafe masana. Amakhala pa mpando wa pafupi ndi zenera, n'kuvula nsapato, kenako amafunsa kuti, "Mlamu, kuntchito kuli bwanji?"

Tsono ine pakamwa panga sipadziwa chidule. Munthu wamkulu akandifunsa, ndimafotokoza mpaka za mphaka wa pa geti. Miyezi inayi yapitayo ndinawayankha kuti, "Alamu, msana wathyoka. Tikusuntha mashelefu onse chifukwa akumanga zipinda zozizira zina zitatu. Tapambana tenda yaikulu ya katemera, koma atiletsa kulankhula mpaka alengeze." Ndinkangofuna andipepese kutopa. Iwo anangoti, "Pepani mlamu," n'kuvala nsapato zija msanga kuposa masiku onse.

Patapita milungu isanu kampani inalengeza, mtengo wa masheya ake n'kukwera. Loweruka lotsatira galimoto inaima pakhomo n'kutsitsa firiji ya zitseko ziwiri. Alamu akumwetulira anati, "Iyi ndi ya Mayi Chisanu, azizizidwa ndi kunyumba komwe. Pakamwa panu pali madalitso." Apa m'pamene ndinadziwa kuti nditangowauza Lamulungu lija, Lolemba lake anakagula masheya a kampani yathu.

Sindikunamizani, firijiyo ndinaikonda. Yakale ija chitseko tinkachita kuchichirikiza ndi mpando. Ana mpaka lero amakamwa madzi ozizira ngakhale alibe ludzu.

Koma sabata ino kuntchito atigawira fomu. Akuti anthu ena anagula masheya ambiri chilengezo chisanatuluke, ndiye aliyense amene ankadziwa za tenda ija asayine kuti sanauze munthu, alembenso abale ake amene ali ndi masheya a kampaniyi. Tibweze Lachisanu la sabata ya mawa. Amuna anga akuti, "Ingosayinani mayi, inu munangoyankha moni basi. Mukufuna muwaike pa moto achimwene?" Kuonjezera apo, kuntchito kuli nkhani inanso yosalengeza, ndipo Lamulungu likubwerali alamu adzafunsanso.

Ntchito yanga ndikuifuna, alamu anganso ndikuwafuna. Ndili ndi mantha. Kodi kuyankha moni ndi mlandu?

N.T.M., kuseri kwa depoti ya basi

Mayi Chisanu,

Kalata yanu yandikoma, chifukwa ndi ochepa amene amandilembera n'kuyamba ndi kuyamika moyo wawo. Tiyeni tiuteteze moyo umenewo.

Kuyankha moni si mlandu, koma inu simunayankhe moni. Munapereka lipoti. Pa msika wa masheya, wogula ndi wogulitsa amayenera kumva nkhani za kampani nthawi imodzi. Munthu amene anagulitsa masheya ake Lolemba lija sankadziwa za tenda, pomwe alamu anu ankadziwa, ndipo phindu limene anadya likanakhala la munthu ameneyo. M'maiko ambiri lamulo limaletsa zimenezi, ndipo limatha kugwira wogula pamodzi ndi amene anamutsina khutu. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wanu wakutsatani pa galimoto, uli ndi zitseko ziwiri.

Fomuyo musaisayine bodza. Lero cholakwa chanu ndi lilime lotayirira. Mukasayina, chikhala chinyengo cholemba ndi dzanja lanu. Ofufuza savutika kuona kuti dzina la bambo la wogula uja ndi lomwe lili pa khadi lanu la ntchito.

Mawa lomwe pezani loya wanuwanu, osati wa kampani, pakuti ameneyo amateteza kampani. Musanapite, lembani papepala tsiku limene munalankhula, mawu amene munanena, ndi tsiku limene firiji inafika. Muuzeni zonse, za firiji zomwe, ndipo akuthandizeni kulemba zoona zokhazokha pa fomupo musanakaonane ndi amene akufufuza. Sindikulonjezani kuti sipakhala chilango. Koma munthu wodziulula yekha, wa zaka khumi ndi ziwiri zopanda banga, amamumvera mosiyana ndi amene achita kumugwira. Musadikire Lachinayi, zengerezu adalinda kwawukwawu.

Firijiyo, ndikanakhala ine, ikanabwerera kumene inachokera masana dzuwa likuswa mtengo, loya atadziwa. Ana alira masiku awiri, kenako azolowera. Mpando uja ntchito yake sunaiwale.

Amuna anu ndikuwamvetsa, amene anakulera sumuloza chala mwachisawawa. Koma afunseni mofatsa kuti fomuyo ikadzapezeka yabodza, dzina limene lili m'munsimo ndi la yani. Loya akavomereza, mupite nawo limodzi kwa alamu mukawauze pamaso kuti dzina lawo mulilemba, nawonso akafune uphungu. Mwina anyanyala Malamulungu angapo. Asiyeni, chibale ndi fupa, sichiola. Ndipo mphunzitsi wosayenda opanda nyuzipepala sangandiuze kuti sankadziwa chimene ankavalira nsapato msanga.

Chenjezo langa ndi ili: musafufute uthenga uliwonse wa pa foni, ndipo nkhani yatsopano ija isatuluke m'jekete mwanu. Osaitchula, osaiusira moyo, osamwetulira mokhala ngati muli ndi kanthu kukhosi, chifukwa alamu anu amawerenga nkhope ngati nyuzipepala. Katemera mwamusunga zaka zonsezi podziwa kuti chitseko chikatseguka pang'ono amaonongeka, ndiye pakamwa sipangakukanikeni.

Lamulungu akadzakhala pa zenera paja, n'kuvula nsapato, n'kufunsa kuti kuntchito kuli bwanji, muwapatse madzi osamba m'manja ndi kuyankha monga amayankhira anthu onse: "Kuli bwino alamu, kaya kwanuko?"

Aphungu