Botolo Limodzi, Anthu Awiri

14 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Ife kuno tadzuka, koma mukandifunsa ngati tili bwino ndisowa chokuyankhani, chifukwa mutu wanga sukugwira. Kalata ino ndaiyamba katatu patebulo la makina osokera, madiresi a eni ake ali mulu kundidikira.

Ndiyambe ndi kupepesa. Chaka chatha ndinakulemberani kuti ine ndi alamu anu tonse atipeza ndi kachilombo ka HIV. Ndinakunamizani. Kapena sindinaname, kaya, popeza nanenso ndimakhulupirira zomwezo. Zoona zake n'zakuti anapezeka nako ndi alamu anu okha. Ine anandiyeza kawiri, kawiri konse akuti mulibe. Nanga inu mukanavomera? Zaka zisanu ndi zinayi bulangete limodzi, kachilombo n'kundilumpha ngati ndine mlendo m'nyumbamo? Alamu anu, mukudziwa kuti chilichonse amachiyerekeza ndi ntchito yawo yometa, anati, "Timakina tawoto tanama. Ine ndikameta munthu, tsitsi limagwera aliyense amene ali pafupi."

Atabwera ndi botolo lawo loyamba la ma ARV, analiika pawindo n'kumaliyang'ana. M'mawa mwake anatulutsa pilitsi limodzi, koma dzanja linakana kupita kukamwa. "Ine ndizimwa inu mukungopenya?" anatero. "Mudikire kudwala kaye ndiye akupatseni anu? Ayi, amayi, sitinakwatirane choncho." Ndiye tinagwirizana kuti lero amwa iwo, mawa ndimwa ine. Pakalendala ya kuseri kwa chitseko iwo amajambula lumo pa tsiku lawo, ine singano pa tsiku langa. Masabata oyamba ndinkamva chizungulire, ndipo ndinkakondwera, ndimvekere mankhwala apeza cholimbana nacho m'thupi mwanga. Musandiseke, achemwali. Ndinkaona ngati ndi chikondi, ndipo mpaka pano sindikudziwa dzina lina loti ndichitchule.

Kuchipatala kuli anesi ena, odwala amawatcha Amagalasi. Munthu ukapita kukatenga mankhwala ena, amakhuthula botolo lako m'kambale n'kuwerenga mapilitsi otsala kuti aone ngati sukudumphitsa. A alamu anu amakwana ndendende nthawi zonse. Akanalephera bwanji, poti tsiku lililonse limodzi limachokadi? Amagalasi mpaka anawaimiritsa pamaso pa anthu a pabenchi. "Onani bambo ometawa, sanaphonyepo ndi tsiku limodzi lomwe!" Anthu n'kuwomba m'manja, ine ndemwe ndikuwomba nawo kuposa onse.

Koma munthu amatha. Buluku lawo ndinalibweza m'chiuno kawiri ndi manja angawa. Kenako zilonda m'kamwa, chifuwa chosamva mankhwala, moti makasitomala ena anasamukira kwa wometa wa kutsidya kwa msewu. Patatha miyezi isanu ndi itatu anawatenga magazi oyeza kuchuluka kwa kachilombo. Tsiku lokamva zotsatira ndinawaperekeza.

Amagalasi anayang'ana pepala, n'kuyang'ana m'kambale, n'kuyang'ananso pepala. "Bambo, apa pandizunguza mutu. Botolo likuti mukumwa, magazi akuti simukumwa. Kodi mumataya m'chimbudzi?"

Alamu anu analumbira kuti sanatayepo. Ine zinandiwawa kuti mwamuna wanga akumuyesa wabodza, ndipo pakamwa panga mukupadziwa. Ndinati, "Pepani anesi, kwathu sititaya ngakhale limodzi. Dzulo linali tsiku langa, lero m'mawa amwa iwo."

Mayi aja anavula magalasi awo n'kuwaika patebulo pang'onopang'ono. Ndimayembekeza kuti akalipa, bola akanakalipa. Anangofunsa motsitsa mawu kuti tinayamba liti. Kenako anatifotokozera kuti zimachitika ndithu m'banja wina kukhala nako wina osakhala nako, ngakhale kwa zaka zambiri. Anati munthu akamamwa modumphitsa, kachilombo kamapeza mpata wochulukana, mwinanso n'kuwazolowera mankhwalawo osawamvanso. Ndiye kuti pilitsi lililonse limene ndinameza ine ndinalilanda m'kamwa mwa mwamuna wanga. Singano zonse zija pakalendala, achemwali, ndimawabaya ndine.

Anandiletsa kukhudzanso botolo lija, ndipo patapita masabata angapo anandiyezanso, magazi ena n'kuwatumiza kokayeza ndi makina aakulu. Yankho ndi lomwe lija, ndilibe. Amagalasi anandigwira dzanja akumwetulira, ine n'kuyamba kulira ngati andiuza za maliro. Anthu a pabenchi anandimvera chisoni poganiza kuti andipeza nako, mayi wina mpaka anandisisita kumsana amvekere limbani mtima, si mathero a moyo. Ndikanamuuza chiyani?

Tsono tamvani chimene chandimaliza nzeru. Andipatsa botolo langalanga. Akuti awa ndi mankhwala oteteza munthu amene alibe kachilombo, ndizimwa tsiku ndi tsiku kufikira kachilombo ka alamu anu katachepa kwambiri m'magazi, chifukwa kakafika posaoneka poyeza sangandipatsirenso. Anatipatsanso makondomu, alamu anu n'kuwabisa m'thumba la jekete ngati aba. Ndinafunsa kuti, "Nanga si zomwezi mwandiletsa zija, kumwa mankhwala a matenda amene ndilibe?" Anandifotokozera kawiri kuti n'zosiyana, aliyense ndi botolo lake ndi ntchito yake. Ndinavomera ndi mutu. Kumwa ndikumwa, osaphonya, koma kumvetsa kwenikweni kudzanditsatira pambuyo.

Alamu anu tsopano akumwa tsiku lililonse, ndimawapatsa ndekha madzi asanapite kokatsegula shopu. Zilonda zayamba kupola. Koma sakundiyang'ana m'maso. Lamlungu ndikusita malaya awo anaima pakhomo n'kunena kuti, "Amayi, inu ndinu mfulu. Mukafuna kupita kwanu sindikuletsani." Ndinawayankha kuti achoke pakhomopo akunditchingira kuwala. Atatuluka ndinapeza kuti ndawotcha kolala.

Pa 9 mwezi wamawa akawatenganso magazi. Akapeza kuti kachilombo katsika, ndiye kuti tapulumuka. Akapeza kuti sikanatsike, akuti kawazolowera mankhwalawa ndipo awasinthira ena. Mtima wanga uli m'malere. Ndimapemphera, koma ndimasokonezeka pakati, osadziwa ngati ndiyambe ndi kuthokoza za ine kapena kupepesa za iwo.

Tsopano pempho langa. Mukukumbukira zimene amayi athu ananena chaka chatha atamva nkhaniyi, munandilembera ndinu. Anati, "Akanakhala kuti mwana wanga alibe, ndikanakamutenga lero lomwe. Koma poti ndi onse, asamalirane." Amayi mukuwadziwa, sabweza mawu. Akangomva kuti ndilibe, basi yoyamba ya m'mawa akwera, adzaima pakhomo pano ndi chikwama chopanda kanthu choti ndiikemo zovala. Ndipo alamu anu, mmene alili panopa, adzawathandiza kulongedza.

Ndikudziwa kuti amayi amandilirira. Ndikudziwa kuti mawu awiri okha angawachotsere chimwala pamtima, ndipo ine mwana wawo ndikuwamana. Kaya ndikulakwanso ngati poyamba paja, ndiuzeni ndinu akulu. Koma chonde dikirani kaye pa 9 padutse.

Mundiperekere moni kwa ana, muwauze kuti mayunifolomu awo ndawadula kale, atsala kusoka. Alamu anu akupereka moni, sakudziwa zimene ndalemba muno. Amayi muwapatse moni wambiri, muwagwire dzanja m'malo mwanga. Akafunsa za ine, muwauze kuti mwana wawo akumwa mankhwala ake tsiku lililonse osaphonya. Pamenepo simunama.

Ndine mng'ono wanu,
uja mumati Kamakani